Ndinasamukira sukulu yokhoza, sefa inagwira mdzukulu wanga

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka Lolemba la sabata yachitatu ya teremu ino, m'mawa ana asanalowe m'makalasi. Ndinalilemba pamanja, ndinakachititsa fotokope pa Chilumba, ndipo wachiwiri kwa ahedi anasaina pa kope yanga kuti walandira. Dandaulo lachiwiri linapita kwa wapampando wa komiti ya sukulu. Dandaulo lachitatu linali longokumbutsa awiri onsewo. Makope onse ndili nawo pano pamene ndikulemba, koma yankho lolembedwa ndilibe ngakhale limodzi. Inu owerenga, ndisanaloze munthu chala ndivomere kaye kuti msampha umenewu ndinaupalasira ndekha njinga kukaufuna, ndipo amene wakodwamo si ine, ndi mwana amene sanalakwe kanthu.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale amene watsala pang'ono kupuma pa ntchito. Kwathu ndi ku Ntchisi, koma boma linanditumiza ku Karonga ndili mnyamata, ndinakwatira mkazi wa ku Iponga, ndipo tsitsi langa layerera kuno. Anzanga amandiseka kuti sinditaya pepala. Ndi zoona. Kalata yondilemba ntchito ndili nayo, malipoti a ana anga onse ndili nawo, ngakhale timapepala ta kuchipatala ta ana amene pano ali ndi ndevu. Ndinkakhulupirira kuti munthu wosunga mapepala sapusitsidwa.

Pakhomo pathu timalera mdzukulu, mtsikana, amene muno ndimutchula Tusekile ngakhale si dzina lake. Mayi ake ndi mwana wanga wachiwiri. Iyeyo anabwereza sitandade 7, anzake atapita patsogolo anayamba kuchita manyazi kukhala pa benchi imodzi ndi tiana tomwe ankatibereka kumbuyo, ndipo teremu yachiwiri isanathe anali ndi pakati. Bambo wa mimbayo sitinamuonenso. Pano mwana wangayo amagulitsa zitenje kumalire a Songwe, ndipo Tusekile anatisiyira ali woyamwa. Mukamva zimenezi mumvetsa chifukwa chake mawu oti kubwereza kalasi m'nyumba mwathu amamveka ngati uthenga wa maliro.

Zaka zambiri ndinkaphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Mlare. Sukuluyo inali yabata, nyumba inalipo, mjigo unali pafupi, koma zotsatira za mayeso a sitandade 8 zinkandichititsa manyazi chaka ndi chaka. Ana ankakhoza ndithu, koma osankhidwa kupita ku sekondale zogonera komweko anali osowa ngati mvula ya mu Okutobala. Tusekile atalowa sitandade 7 ndinayamba kusowa mtendere. Mwanayu si wanzeru zodabwitsa, ndisakunamizeni. Chichewa ndi Chingerezi amakhoza bwino, masamu amayenda nawo pang'onopang'ono ngati wosenza ndowa yodzadza, ndipo akaona pepala la mayeso manja amatuluka thukuta. Koma sitandade 7 anakhoza, lipoti lake lili ndi chidindo, ndipo m'munsi mwalembedwa kuti apite sitandade 8.

Ndiye ndinachita zomwe ndimadziwa. Ndinayamba kusonkhanitsa zotsatira za sukulu zosiyanasiyana m'boma lino. Tikakumana aphunzitsi pa misonkhano ndinkafunsa kuti kwanu analemba angati, anasankhidwa angati, anapita kuti, n'kumalemba. Pamapeto ndinatsala ndi malo atatu oti ndingapemphe. Oyamba anali sukulu ya kwawo kwa mkazi wanga ku Iponga, komwe tili ndi kamunda ka nthochi ndi abale oti tikadwala angatiyendere. Achiwiri anali pa boma, koma kumeneko nyumba ndi yochita lendi ndipo kalasi imodzi ana amadzaza mpaka pakhomo. Achitatu anali sukulu ina ya mbali ya ku sikimu ya mpunga ya Hara, yomwe sinditchula dzina. Pa pepala langa sukulu imeneyi inkawala. Pafupifupi mwana aliyense wolemba mayeso pamenepo ankasankhidwa, ndipo ambiri ankapita ku sekondale zotchuka.

Inu amene si aphunzitsi, dziwani kuti kupempha kusamutsidwa wekha kumatenga nthawi, koma njira yachidule ndi kusinthana malo. Umapeza mnzako wofuna kubwera komwe uli, iwe n'kupita komwe ali, nonse n'kusaina, akuluakulu n'kuvomereza. Ine ndinapeza a Kayange, mphunzitsi wa pa sukulu yokhozayo, munthu wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Nditangoyamba nkhaniyo anavomera ndisanamalize chiganizo. Anati akufuna kuyandikira mayi awo okalamba, ndipo anandigwira dzanja ndi manja awiri, akuthokoza m'Chitumbuka kuti yewo adada, yewo chomene.

Nditafika kunyumba ndi nkhani yabwinoyo, mkazi wanga anali akusenda chinangwa. Sanadzutse mutu.

“Munthu ali pa sukulu yoti ana onse amakhoza, ali ndi nyumba ya malata, ndiye akufuna kubwera kuno kwathu kolephera? Mwana wake ali sitandade chani?”

Ndinati wamkulu akumaliza sitandade 7, ngati wathuyu.

“Ndiye inu mukuthamangira komwe mwini wake akuthawitsa mwana. Tiyeni ku Iponga, abambo. Maondo anuwo safuna ulendo wina.”

Ndinamuuza kuti nkhani za maphunziro azisiyira ophunzira. Mawu amenewo ndinawanena ine, ndipo sandichoka m'khutu.

Musaganize kuti ndinasaina osakaona. Ndinapita, tsiku la sukulu, kumapeto kwa teremu yachitatu. Ahedi, munthu waulemu ndi wovala bwino, anandilandira ndi tiyi. Mu ofesi mwawo khoma lonse linali lomatidwa mayina a ana osankhidwa, chaka ndi chaka. Anandiyendetsa m'makalasi. Sitandade 8 inali itatseka kale chifukwa mayeso anali atalembedwa, koma ndinaona kuti madesiki m'menemo ndi ochepa, otalikirana bwino, mwana aliyense yakeyake. Tinadutsa sitandade 7, ndipo m'menemo munali modzaza moti ena anakhala pansi kutsogolo, ena atatsamira khoma, kumbuyo kuli anyamata a mawu okhuthala ndi atsikana aakulu. Ndinaona zonsezi ndi maso anga. Mumtima ndinangoti sukulu yayamba kutchuka, makolo akubweretsa ana. Sindinafunse kuti khamu lonseli likalowa bwanji m'chipinda cha madesiki ochepa chija. Mphunzitsi wa zaka zanga, wophunzitsa masamu, sindinafunse.

Tinasamuka pa tchuthi. A Kayange analowa m'nyumba yathu ya ku Mlare tsiku lomwe ife tinalowa m'nyumba yawo, galimoto imodzi inanyamula katundu wa mabanja onse awiri. Nyumba yake ndi yabwinodi. Ukaima pakhonde umaona mapuloti a mpunga mpaka komwe maso alekezera, ngalande zikunyezimira. Tusekile anasita yunifolomu yatsopano kawiri sukulu isanatsegulidwe. Ine anandipatsa sitandade 7.

Tsiku lotsegulira, pa asembule, ahedi analengeza kuti onse olowa sitandade 8 alemba sefa Lachinayi. Ana sanadabwe, aphunzitsi sanadabwe, wodabwa ndinali ine ndekha. Nditafunsa mayi ena ophunzitsa sitandade 3 kuti sefa n'chiyani, anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti mpunga n'chiyani. Anati ndi mayeso a pasukulu pompano, olembedwa sabata yoyamba, ovuta kuposa a boma. Wokhoza amakhala mu sitandade 8 ndipo amalembetsedwa mayeso. Wosafika mulingo amabwerera ku sitandade 7, ngakhale lipoti lake litanena kuti anakhoza. Ana a pamalopo amadziwa, tchuthi chonse amakhala akukonzekera ndi aphunzitsi apadera. Wathu tchuthi anathera kumanga katundu ndi kutsuka nyumba.

Analemba. Dzuwa la mu Seputembala kuno mukulidziwa. Anabwera kunyumba milomo itauma, nati masamu sanamalize. Sabata yotsatira wachiwiri kwa ahedi analowa m'kalasi mwanga ndi mzere wa ana, nawerenga mayina awo mmodzimmodzi, ndipo dzina la mdzukulu wanga ndinalimva ndili chiimire ndi choko m'manja. Anadutsa pafupi nane osandiyang'ana, nakakhala pansi kumbuyo, pakona. Ana ena anayamba kunong'onezana mawu oti chenga. Kuno chenga ndi mpunga wosweka, uja amaupatula ku chigayo kuti wabwino ugulitsidwe pa mtengo wake. Ndilo dzina la ana obwezedwa, ndipo ngakhale makolo amalitchula osaona vuto.

Ndinapita kwa ahedi tsiku lomwelo ndi lipoti la mwana m'manja. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anamwetulira, nanditchula asambizgi, ndiye kuti aphunzitsi m'Chitumbuka.

“Asambizgi, mwaona khomali? Mesa ndi lomweli linakukokani kuchoka ku Mlare? Mukufuna mpunga wa giredi koma chigayo mukuchida.”

Ndinati ndionetseni lamulo lolola kubweza mwana amene anakhoza.

“Ndi mwambo wa sukulu, makolo anagwirizana nawo kalekale. Mwana apse kaye. Chaka chimodzi si imfa, adada.”

Ndinatuluka. Loweruka ndi Lamulungu ndinakhala pa tebulo, ndipo Lolemba ndinapereka dandaulo lija ndatchula poyamba. Ndinalembamo zonse: kuti lipoti ndi lovomerezeka, kuti mwana sanadziwitsidwe, kuti ndikufuna kuona pepala lake la sefa ndi mulingo womwe anagwiritsa ntchito. Ndinkaona ngati ndachita mwanzeru.

Masiku amenewo m'pamene chinthu china chinandibwerera m'mutu. Ku Mlare kuja, chaka chilichonse sabata yachiwiri kapena yachitatu ya teremu yoyamba, mu sitandade 8 munkafika ana achilendo. Ankabwera ndi makalata a transifa, akuti adzakhala kwa azakhali, kwa amalume. Anali ana ofatsa, amantha, ambiri ofooka masamu. Ife tinkawalandira chifukwa mwana sabwezedwa pakhomo la sukulu, ndipo zotsatira zikatuluka ndinkakhala woyamba kudandaula kuti alendowa akutitsitsa. Zidindo za pa makalata awo ndinkaziona. Zina zinali za sukulu yomweyi. Ndiye kuti kwa zaka zonsezi ndinkaphunzitsa chenga cha sukulu yokhoza, n'kumasirira sukuluyo kuti ilibe ana ofooka.

Mayi a sitandade 3 aja ndi amene anandiuza mbali yotsala, tikuchokera ku mjigo. Anati abambo, mwalakwitsa kulemba. Kholo losafuna kuti mwana abwereze limangopita mwakachetechete ku ofesi, ahedi amalemba kalata yoti mwanayu ndi wa sitandade 8, amadinda, mwana n'kupita kukalembera kwina. Ahedi amasangalala nazo chifukwa mwanayo sawerengedwa pa sukulu yawo. Anati chaka chino makalata otere atuluka kale angapo, palibe amene anakanizidwa.

M'mawa mwake ndinameza mate n'kukapempha kalatayo. Ahedi anatsegula kabati, natulutsa dandaulo langa, naliika patebulo pakati pathu. Anati nkhani ya mwana ameneyu tsopano ndi yolembedwa, ili m'manja mwa komiti, ndipo iwo sangalembe kuti ndi wa sitandade 8 pamene kaundula wa sukulu akunena kuti ali mu 7 komanso pali dandaulo losayankhidwa. Anati ngati ndikufuna kalata ya sitandade 7 andilembera pompo. Inu owerenga, pepala langa lomwe, lolembedwa bwino, la mizere yowongoka, ndi limene linatseka khomo lomwe ena onse ankatulukira.

Ndinalembera komiti. Anandiitana Loweruka lina pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi. Wapampando ndi mlimi wa mpunga wodziwika mu sikimu, ana ake awiri anadutsa pa sukuluyi ndipo pano ali ku koleji. Anayamba kulankhula m'Chitumbuka, kenako anatembenukira ku Chichewa ngati akulankhula ndi mlendo, ine amene ndakhala m'boma lino kuposa zaka za mwana wake woyamba.

“Adada, imwe mwabwera dzana. Sukuluyi tinaimanga ndi njerwa zathu, dzina lake tinalipanga ndi sefa yomweyi. Tikamasula kwa mdzukulu wa mphunzitsi, mawa aliyense abwera ndi wake. Ndiye tidzasiyana chani ndi ku Mlare kwanuko?”

Ena anaseka. Ndinati sindikupempha kuti alowe mu 8 mwanu, ndikupempha kalata yoti apite. Anati aikambirana ndipo adzandiyankha. Ndinapempha kuti zokambiranazo zilembedwe. Mlembi anati cholembera chatha inki. Ndinamupatsa changa, ndipo mpaka lero sindinaone zomwe analemba, cholemberanso sichinabwere.

Pamene ine ndinkalimbana ndi mapepala, mwana ankasintha ndikuona. M'kalasi mwanga sankakweza dzanja ngakhale pa mafunso omwe ndinkadziwa kuti anawakhoza chaka chatha. Kunyumba chakudya ankangochitosa. Kenako anayamba kuyenda ndi atsikana aakulu aja a kumbuyo, ena obwezedwa kachiwiri, amene tsiku lina amabwera tsiku lina ayi. Lachitatu lina malo ake anali opanda munthu. Ndinasiya kalasi m'manja mwa mnzanga n'kupalasa njinga kutsata ngalande, ndipo ndinamupeza ali m'matope mpaka m'mawondo pa puloti ya munthu wina, akuchita ganyu ndi anzakewo, yunifolomu ataipinda mu jumbo. Pamsewu panali pataima njinga yamoto ya mmodzi wa mavenda ogula mpunga, mwini wake atakhala pamwamba akuseka nawo, akuwagawira mabisiketi. Sanali mwana ayi, anali bambo wa mphete pa chala.

Sindinamukalipire pamenepo. Tikubwerera, iye akuyenda patsogolo ine ndikukankha njinga, anangonena osacheuka, akunditchula asekulu monga ana a kuno amatchulira agogo aamuna.

“Asekulu, zomwe mukuphunzitsazo ndinalemba kale m'kope la chaka chatha. Ndizikhaliranji? Amama nawonso mesa analekezera pomwepa.”

Titafika kunyumba ndinafotokoza zonse. Mkazi wanga atamva, sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale anali ndi ufulu wonena. Anatsitsa chikwama, nalongedza zovala zake ndi za mwana, ndipo m'mawa mwake anakwera minibasi kupita ku Mlare. Nyumba yathu yakale muli a Kayange, choncho akukhala m'kachipinda ka kuseri kwa mayi ena a mvano a mpingo wathu, mogona ndi mophikira momwemo. Mkazi wa zaka zake, wodwala msana, akugona pa mphasa chifukwa cha masamu anga.

Ahedi anga akale a ku Mlare anamulandira Tusekile mwachifundo. Amulola kukhala mu sitandade 8 ndipo akuphunzira. Koma nditapita kukawaona anandiuza poyera kuti dzina lake sangaliike pa m'ndandanda wa olemba mayeso popanda kalata yochokera komwe analembetsedwa teremu ino, yonena kuti ndi wa sitandade 8, chifukwa iwo eni anamulembera kale transifa yotuluka ndipo oyendera sukulu amafunsa zimenezi. Sindiwadzudzula, akutsata ndondomeko. A Kayange ndinakumana nawo tsiku lomwelo pa bwalo la sukulu. Mwana wawo ali mu 8, dzina linalowa kale. Nditawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire, anayang'ana nsapato zawo nati ankaganiza kuti munthu wofufuza ngati ine ndikudziwa. Kenako anati pepani adada, nanenso ndine kholo.

Mkazi wanga anandiperekeza pa siteji. Anati ndisiye zolembalemba, nditenge tambala wathu wofiira ndikapepese ngati munthu, chifukwa mwana sadzalemba mayeso ndi fayilo yanga. Ndinamvera. Ndinapita kunyumba kwa ahedi Lamulungu masana titaweruka ku tchalitchi, tambala m'khwapa, ine wamkulu kwa iwo ndi zaka zambiri. Anandilandira bwino, akazi awo anatenga tambalayo n'kuthokoza. Ahedi anati nkhaniyi ndi yaing'ono, chofunika n'chakuti ndilembe kalata yochotsa madandaulo anga onse, ndinenemo kuti panali kusamvetsetsana ndipo pa sukulu pano palibe mwana amene amabwezedwa makolo asanavomere. Akatero fayilo itsekedwa, kalata ya mwana ituluka.

Apa ndi pamene pandiwawa kwambiri kulemba. Ndinalemba kalata imeneyo. Ndinasaina dzina langa pansi pa mawu omwe ndikudziwa kuti ndi abodza, pamene m'mawa uliwonse ndimaimirira kutsogolo kwa ana obwezedwa amene makolo awo ena sadziwa n'komwe kuwerenga lipoti. Moyo wanga wonse sindinasainepo chabodza, ngakhale pa kaundula wa ana obwera mochedwa. Kope ya kalata imeneyonso ndili nayo, ndinaiika pansi pa zonse kuti ndisamaione.

Kalata ya mwana sinatuluke. Sabata yoyamba anati wapampando ayenera kuona kaye kalata yanga, koma ali ku maliro ku Rumphi. Atabwera, anati chidindo chili ndi wachiwiri kwa ahedi amene wapita ku msonkhano. Atabwera ameneyo, ahedi anali otanganidwa ndi kulembetsa ana awo a sitandade 8. Dzulo anandiuza kuti ndisadandaule, zitheka, ndipo anandifunsa ngati ndingathandize kukonza mafunso a masamu a sefa ya chaka chamawa poti ndine katswiri. Sindikudziwa ngati akuchita dala kapena kwa iwo nkhaniyi ndi yopepuka motero. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ahedi a ku Mlare andiimbira foni kuti ojambula zithunzi za ziphaso za mayeso akubwera posachedwa, ndipo m'ndandanda ukatumizidwa sadzatha kuwonjezera dzina. Tusekile amandiimbira pa foni ya agogo ake madzulo aliwonse. Safunsa za moyo wanga, amangoti asekulu, yatuluka? Ine ndimati mawa. Mkazi wanga akuti mwanayo akuwerenga ndithu, koma anzake akamakambirana za zithunzi amatuluka panja. Akadzamva kuti dzina lake palibe, sindikhulupirira kuti adzalowanso m'kalasi ina iliyonse, ndipo njinga zamoto zija ku Mlare zilikonso.

Tsono inu aphunzitsi anzanga, ndi inu makolo amene mukuganiza zosamuka chifukwa cha sukulu ya mwana, mverani munthu amene wapsa. Mukaona sukulu yoti onse amasankhidwa, musafunse kuti anakhoza angati. Funsani kuti chaka chathachi mu sitandade 7 munali angati, ndipo otsalawo ali kuti. Lowani m'kalasi ya 7 muyang'ane kumbuyo, muone misinkhu ya ana okhala kumeneko. Musamwe tiyi mu ofesi mokha, kakhaleni pa mjigo mucheze ndi amayi, iwo ndi amene amadziwa. Munthu akavomera msanga kusinthana nanu malo, m'funseni za ana ake musanam'funse za nyumba. Ndipo wa kunyumba kwanu akafunsa funso, ngakhale sanapite patali ndi sukulu, liyankheni musanasaine. Sindikunena kuti sukulu zonse zokhoza zimasefa. Ziliko zokhoza ndi thukuta la aphunzitsi, ndimazidziwa. Koma mwana wapakatikati, amene ali ngati ana ambiri, amafunika sukulu yomwe imuphunzitse mmene alili, osati yomwe imuyese ngati akuyenera khoma la mu ofesi.

Za kulemba madandaulo sindikudziwa choti ndikulangizeni. Ndikanapita mwakachetechete, bwenzi dzina la mdzukulu wanga litalowa kale pa m'ndandanda, ndipo ana ena onse a m'kalasi mwanga akanakhalabe momwe alilimu. Ndinalemba, ndipo akhalabe momwemo, wanga n'kuwonjezekera. Nkhani inonso mkazi wanga sakudziwa kuti ndikuitumiza kuti ikasindikizidwe, ndipo mwina ndikulakwitsanso. Sindinatchule sukulu kapena munthu, koma eni nkhani adzizindikira, ndipo kope yake ndikasiya ndekha pa tebulo lawo kuti asamve kwa ena.

Choncho, kwa inu mphunzitsi wamkulu ndi kwa inu wapampando wa komiti ya sukulu, ine mphunzitsi wa sitandade 7 pa sukulu yanu, amenenso ndine womulera mwanayu, ndikupempha mwaulemu kuti mundipatse kalata ya transifa ya mdzukulu wanga, yosainidwa ndi yodindidwa, yonena kuti ndi wa sitandade 8 monga lipoti lake likunenera, m'ndandanda wa ku Mlare usanatumizidwe. Zonse zomwe munandiuza kuti ndichite ndachita, ngakhale zomwe sindinayenera kuchita. Ngati pali chifukwa chokanira, ndikupempha kuti muchilembe ndi kusaina dzina lanu, monga ndinasainira langa, kuti madzulo mwanayo akaimba ndikhale ndi chomuwerengera. Ndidzakhala pa benchi ya panja pa ofesi yanu m'mawa uliwonse belu lisanalire, kudikira yankho lanu.